Wodwala Wathu wa Kuthambo

Amuna anga anagwira ntchito yojambula anthu m'thupi, ya ekisireyi ija, kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitadzaza mutu. Tsiku ndi tsiku ankalowa m'kachipinda kopanda mawindo kuchipatala chachikulu, n'kumaimika anthu patsogolo pa makina, mawu ake omwewo: "Kokani mpweya. Ugwireni. Musagwedezeke." Mawuwa anawalowa m'magazi, moti ngakhale potijambula ndi foni pa Khirisimasi ankatilamula kuti tigwire mpweya.

Pamene iwo ankapuma pantchito n'kuti ine nditapuma kale ku Capital Hill, kumene ndinathera zaka zanga ndikutaipa makalata a mabwana. Ndinali nditazolowera nyumba yathu ya ku Area 4 ili zii masana onse, ine ndi wailesi yanga basi. Koma mwamuna wopuma pantchito ali ngati kabati yaikulu imene aibweretsa m'nyumba yaing'ono: paliponse ungaiike, yatseka njira. Ankanditsatira mpaka kukhitchini kudzandifunsa chifukwa chimene ndimadulira anyezi chopingasa. Nyuzipepala ankaiwerenga yonse, mpaka malonda a matayala. Tsiku lina anakonza wailesi yanga imene inalibe vuto lililonse, ndipo kuchokera tsikulo inayamba kukhala ndi vuto.

Anandipulumutsa ndi mzime wathu, mtsikana, amene anali ku South Africa pa maphunziro apamwamba a zakuthambo. Ife tinkangodziwa kuti ndi za nyenyezi. Anthu akatifunsa zimene mwana akuphunzira, tinkangoloza kumwamba. Chaka chimenecho, nyengo yozizira itayamba, anabwera kudzakhala nafe miyezi ingapo. Anati gawo lotsala la kafukufuku wake linkangofuna laputopu ndi intaneti, ndipo akanatha kulichitira pakhonde pa amayi ake.

Atafika, m'mawa mwake tikumwa tiyi ndi mbatata, abambo ake anamufunsa.

"Tatiuza bwinobwino, mwana wanga. Nyenyezi zakozo umatani nazo? Umaziwerenga?"

"Ayi adadi. Ine ndimafufuza zinthu zakuthambo zimene zimatulutsa ma ekisireyi."

Kapu ya tiyi inaima m'malere isanafike pakamwa.

"Wati zimatulutsa chiyani?"

"Ma ekisireyi, adadi."

Anatsitsa kapu ija pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana ngati munthu amene wawina mlandu wa malo umene unatenga zaka ukuzengedwa.

"Mwamva, amayi? Paja mumati mwanayu anatengera inu, eti make mbuu mwana mbuu. Lero zadziwika. Ndi bambo mbuu."

Ndinawakumbutsa kuti mwanayo anawafotokozerapo zimenezi pa foni kangapo konse, koma iwo ankamudula mawu pofunsa ngati kumeneko akudya mokwanira. Sanandimve n'komwe. Anali atakokera kale mpando pafupi ndi mwana wawo.

"Tsono wodwala wake mumamuimika pati? Makina amakhala kumbuyo kwake?"

"Kulibe makina kumbuyo, adadi. Chinthucho chimatulutsa chokha kuwalako. Mukudziwa mmene khala limafiirira likayaka? Kuthamboko kuli zinthu zotentha koopsa, kuposa moto uliwonse umene mungauganize, ndipo izo zimawala ndi ma ekisireyi. Maso athu sangaone. Komanso kuwalako sikufika pansi pano, mpweya wozungulira dzikoli umakutchinga. N'chifukwa chake makina ojambulira amawakweza pa setilaiti."

Nkhope ya abambo inachita mdima.

"Ukutanthauza kuti thambo lonseli likungowaza ma ekisireyi usana ndi usiku, popanda ndi mmodzi yemwe wovala epuloni ya mtovu?"

"Mpweyawo ndiye epuloni yathu, adadi."

Anaganiza kaye, kenako anagwedeza mutu movomereza, ngati kuti Mlengi anayamba wawafunsa nzeru iwowo asanayambe ntchito.

Zotsalazo ndinazimvera ndikuchotsa makapu. Cha m'nthawi imene mwanayu ankabadwa, setilaiti ina inajambula thambo lonse, mbali ndi mbali, monga mmene munthu amasesera bwalo osasiya ngodya. Zaka zaposachedwapa ina inajambulanso. Ntchito ya mwana wathu inali kuika zakale ndi zatsopano pamodzi n'kufunafuna madontho amene asintha kwambiri, amene ankawala zedi koma pano azilala, kapena amene kunalibe koma pano akuthwanima. Osati kusintha kwapang'ono ayi, koma ngati nyali ya lole itasanduka kandulo.

"Basi!" anatero abambo akumenya tebulo. "Ndi zomwezo ndendende. Filimu yakale ndi filimu yatsopano. Dokotala aliyense wanzeru amayamba wafunsa filimu yakale."

Kuchokera tsiku limenelo anasiya kumutchula kuti mwana wanga. Anakhala "anzanga apantchito."

Ankadzuka molawirira, kuvala malaya ositasita, cholembera m'thumba la pachifuwa, n'kukakhala pakhonde mwini wake ntchito asanasambe n'komwe. Iye akatsegula laputopu, iwo ankafuna kuinyamula kuti aiyang'anitse kudzuwa, monga ankachitira ndi mafilimu a zifuwa. Mwanayo ndi woleza mtima, kumeneko ndiye anatengera ine, koma pamene laputopu inatsala pang'ono kugwera m'maluwa anga, anakwera minibasi kupita ku City Centre n'kukasindikiza zithunzi ziwiri zikuluzikulu za kachigawo kamodzi ka thambo, chakale ndi chatsopano. Abambo anazimata pawindo la chipinda chodyera, pamwamba pa makatani anga abwino. Kwa ine zinkangooneka ngati mpunga wotayikira pa chitenje chakuda. Iwo ankaima patsogolo pake, manja kumbuyo, n'kumang'ung'udza ngati akuona chifuwa chachikulu.

Mbiri sigonera. Pasanathe sabata kumpingo kwathu kunali kutamveka kuti mwana wa akuluakulu aja wabwera kuchokera kunja, ndi katswiri wa ekisireyi, amajambula mpaka kumwamba. Lachisanu lina masana tinamva odi pageti. Anali mayi wina wachikulire wa kumpingoko, akutsimphina, envulopu yaikulu yakhaki kukhwapa. Titalonjerana anatulutsa filimu ya bondo lawo n'kuipereka ndi manja awiri kwa mwana wanga.

"Tandionereko, mwana wanga. Amene amaona kumwamba, bondo silingamuvute."

Mwana wanga anandiyang'ana ndi maso opempha chithandizo. Anayesa kufotokoza kuti iye sanaphunzire za thupi la munthu ngakhale tsiku limodzi, koma mayiwo ankangomwetulira poganiza kuti ndi kudzichepetsa kwa mwana woleredwa bwino. Abambo ndiwo analandira filimuyo. Anaikweza kudzuwa, ndipo ndinaona mapewa awo akuwongoka. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyamikira mmene wojambulayo anaimikira mwendo, koma za matenda sananene kanthu.

"Mayi, ine ndinali wojambula, osati dokotala, ndipo anzangawa odwala awo ali kutali kwambiri. Bwererani nayo kwa amene anakutumani, Lolemba lomweli, musachedwe."

Anawaperekeza mpaka pokwerera minibasi atawanyamulira envulopu ija. Atabwerako anali ndi chimwemwe tsiku lonse.

Ntchito yeniyeniyo inali yotopetsa, ndinadzionera ndekha. Kompyuta inkasefa madontho zikwizikwi n'kutulutsa amene inkawakayikira kuti asintha, ndipo mwana wanga ankayenera kuyang'ana lililonse ndi maso ake. Ambiri ankapezeka kuti ndi abodza. Lina linagwera m'mphepete mwa chithunzi, kumene makina saona bwino. Lina kompyuta inasokoneza madontho awiri oyandikana. Lina linali lodziwika kale, anthu ena analemba za ilo iye ali kupulayimale. Abambo amenewa ankawatcha "odwala ofuna chikalata chojombera kuntchito," ndipo lililonse likatayidwa ankanena kuti, "Wotsatira!" mokweza, mpaka agalu a kwa aneba ankayankha.

Magetsi akazima ntchito inkaima, ndipo awiriwo ankangokhala pakhonde atafunda majuzi, akuothera dzuwa. Tsiku lina ndikusankha nyemba pafupi ndi khomo ndinamva mwana akufunsa.

"Adadi, inu mukajambula munthu, munkadziwa ngati zili bwino kapena ayi?"

Abambo anakokera kaye juzi pamapewa.

"Pambuyo pa zaka zambiri, maso amaphunzira okha. Filimu ikangotuluka ndinkaona mthunzi pamene sipayenera kukhala mthunzi. Koma si ine woyenera kunena. Ndinkabwerera kwa munthuyo, iye akundiyang'ana kumaso kuti awerenge, ine n'kumangoti valani malaya, dokotala akuuzani. Nthawi zina anali munthu amene ndimamudziwa. Wina tinkaimba naye kwaya."

"Ndiye munkatani?"

"Ndinkamuthandiza kumanga mabatani."

Ndakhala ndi bambo ameneyu kuyambira ndili mtsikana, koma zimenezi ndinazimva koyamba tsiku limenelo, ndipo sankauza ine. Mwanayu akukula, iwo ankafika kunyumba atatopa, kudya, n'kugona. Sindikukumbukira kuti awiriwa anachezapo nthawi yaitali chonchi. Ndinapitiriza kusankha nyemba mwakachetechete kuti asazindikire kuti ndilipo.

Kenako linapezeka dontho lina lapadera. Unali m'mawa dzuwa litakwera, ine ndikuyanika zovala, pamene ndinamva mwana akunena kuti, "Iii, dikirani kaye," ndi mawu amene ndinali ndisanawamve chibwerereni. Pachithunzi chakale dontholo linkawala kwambiri, loyera mbee. Pachatsopano panalibe kanthu, ngati munthu wafufuta ndi labala. Silinali m'mphepete, silinasokonezedwe ndi lina, ndipo palibe amene analembapo za ilo. Atayang'ana malo omwewo pa zithunzi za thambo zojambulidwa ndi kuwala wamba, anapezapo kamlalang'amba kakang'ono, gulu la nyenyezi zosawerengeka lakutali kwambiri, kooneka ngati kachidutswa ka thonje.

Anatifotokozera tonse awiri, ine zovala zonyowa zili paphewa. Pakati pa milalang'amba yambiri, anatero, pamakhala chinthu chimene amachitcha dzenje lakuda, cholemera kwambiri moti chilichonse choyandikira chimakokedwa, ndipo ngakhale kuwala kukalowamo sikutuluka. Nthawi zambiri limangokhala phee. Koma nyenyezi ina ikasochera n'kudutsa pafupi, dzenjelo limaing'amba n'kuyamba kuimeza. Zidutswa zake zimatentha n'kuwala ndi ma ekisireyi kwa miyezi kapena zaka, kenako n'kuzilala. Zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo wophunzira akapeza imodzi yotere, dzina lake limamveka.

"Ngozi yapamsewu ya kumwamba," anatero abambo motsitsa mawu. "Yachitika liti?"

"Ngati ndi zimenezo, adadi, inachitika kalekale, anthu asanakhaleko padziko. Kuwala kwake kwakhala kuli pa ulendo nthawi yonseyi."

"Ha! Ndiye ife anthu ankatinyoza kuti zotsatira zimachedwa kutuluka."

Mwana anaseka, koma kenako anawagwira dzanja.

"Adadi, chonde, musauze anthu. Sitinatsimikize. Makina akale aja sankaloza malo ndendende, amangotipatsa kabwalo n'kuti chinthucho chili penapake m'katimu. Mlalang'ambawu uli m'kabwalomo, inde, koma tiyenera kuupima kaye."

"Anzanga, mukulankhula ndi munthu amene wasunga zinsinsi za odwala moyo wake wonse."

Ili linali Lachinayi. Lachiwiri lotsatira ndinapita ku Msika wa Lilongwe kukagula nsalu ya makatani ena, poti akale aja anali atasanduka chipatala. Mayi amene ndimagulako nsalu, amuna awo ndi mkulu wampingo kwathu. Atangondiona anasiya kasitomala, n'kundigwira manja onse awiri.

"Pepanitu ndi nyenyezi ija, mayi. Tamva kuti yadyedwa yamoyo."

Nditafika kunyumba ndinawapeza akuthirira maluwa amene ndinali nditathirira kale.

"Abambo, paja munalonjeza chiyani?"

"Sindinauze anthu ine. Ndauza akulu ampingo okha."

"Nanga akulu ampingo alibe akazi?"

Anayang'ana maluwa aja mwachidwi ngati awaona koyamba.

Mwana atamva anagwira kumutu, koma madzi akatayika sawoleka. Anali atalembera kale aphunzitsi ake, ndipo iwo anapempha anzawo amene ali ndi makina aakulu oonera nyenyezi, paphiri lina kudera louma, kuti aloze kamlalang'amba kaja n'kupima kuwala kwake. Koma makina otere amakhala ndi mzere wautali wa ofuna kuwagwiritsa ntchito. Nthawi yathu itakwana kunachita mitambo, ndipo tinabwerera kumapeto a mzere. Abambo anati zimenezi akuzidziwa bwino, kulikonse kumene kuli ekisireyi kuli benchi yodikirira.

Masabata amenewo, moni wawo wam'mawa unasintha. Asanandifunse ine mmene ndadzukira, ankagogoda pachitseko cha mwana.

"Anzanga, wodwala wathu wagona bwanji?"

"Sitinamve kanthu, adadi."

"Osadandaula. Kukhala chete n'kwabwino, zoipa zimathamanga."

Anasindikizitsa chithunzi chachitatu, cha kamlalang'amba kaja, n'kuchizunguliza ndi cholembera chofiira. Alendo akabwera, asanakhale pansi, ankayamba awatengera pawindo. Mlamu wanga wochokera kumudzi, amene anangodzera kudzatisiyira mtedza, anaimitsidwa pamenepo mpaka anaphonya minibasi, ndipo pochoka anandinong'oneza kuti achimwene ake tiziwapatsa ntchito zina zogwira.

Kunena zoona, nanenso chinandilowa. Ndikamatsuka mbale ndinkapezeka ndikuiganizira nyenyeziyo, mmene inkayendera njira yake osadziwa kanthu, n'kupatukira kolakwika. Ndinkaimvera chisoni ngati mwana wa mnansi. Mwana wanga yekha ndiye sankalankhula zambiri. Ankapitiriza kusefa madontho ena, koma ndinkaona kuti foni ikangolira, dzanja lake linkafika msanga kuposa kale.

Yankho linafika tsiku lina chakumasana, kunja kukuwomba kamphepo kafumbi. Ndinadziwa chifukwa pakhonde panangoti zii. Nditatuluka ndinapeza mwana atatsamira kumpando, manja atapinda pachifuwa, maso ali kudenga. Abambo ake anali ataima pambali ngati mlonda.

"Zatani?" ndinafunsa.

"Mlalang'amba uja ulibe chilichonse chachilendo, amami. Ndi wamba, wachete. Zimenezo pazokha sizikanathetsa nkhani, poti papita zaka. Koma aphunzitsi anga anandiuza kuti ndiyang'anenso kanyenyezi kena kofiira kamene kali pafupi, kunja pang'ono kwa kabwalo kaja. Ndinali nditakaona, koma ndinakasiya poti kali kunja."

Anatembenuza laputopu kuti tione. Kanyenyeziko, anatero, si ka mlalang'amba uja ayi, ndi ka kwathu konkuno, koyandikana nafe tikayerekeza ndi zinazo. Nyenyezi zoyandikira zimasuntha pang'onopang'ono pathambo zaka zikamapita. Iye anafufuza zithunzi zakale za malo amenewo, za nthawi imene setilaiti yoyamba ija inkajambula, ndipo pa nthawiyo kanyenyeziko kanali m'kati mwenimweni mwa kabwalo. Anzawo a paphiri aja anakapimanso, n'kupeza kuti ndi ka mtundu wina waung'ono koma waukali, umene nthawi ndi nthawi umabuka moto kwa maola ochepa n'kubwerera mwakale. Mwachionekere setilaiti ija inadutsa pa nthawi imene kanali katapsa mtima. Palibe chimene chinadyedwa.

Abambo anawerama n'kuyang'anitsitsa zithunzi ziwirizo, kanyenyezi kali apa, kenako kali apo. Anawongoka pang'onopang'ono.

"Kanasuntha?"

"Kanasuntha, adadi."

"Wodwala anagwedezeka! Zaka zonsezi palibe ndi mmodzi yemwe anakauza kuti kasagwedezeke? Ntchito yanji imeneyi? Kwathu filimu yotere tinkataya n'kuyambiranso!"

Mwana wanga anali pafupi kulira, ndinaona m'maso mwake. Koma atamva zimenezi anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni mpaka misozi ija inatuluka ndithu, ndipo sindikudziwa kuti inali ya chiyani. Ndinamubweretsera madzi akumwa. Atapuma anati zimenezi zimachitika kawirikawiri pantchito yawo, ndipo bola zadziwika panopa kusiyana n'kuti akanalemba n'kudzatsutsidwa pagulu. Madzulo ake anali atayambiranso kusefa. Kanyenyezi kaja anakalemba m'kafukufuku wake pamodzi ndi tinzake taukali, ndi chenjezo kwa ena kuti aziyang'ana zimene zasuntha. Mwa madontho ena amene anapeza miyezi imeneyo, angapo anakhaladi osamvetsetseka, ndipo akuwatsatirabe mpaka pano. Maphunziro ake anamaliza bwino.

Amene anavutika ndi abambo. Ine ndinkayembekeza kuti munthu amene moyo wake wonse ankapempherera mafilimu oyera asangalala kumva kuti wodwala alibe vuto. Ayi ndithu. Tsiku limenelo chakudya anangotola pang'ono. M'mawa mwake sanavale malaya ositasita, anatuluka ndi juzi yakale yobooka pachigongono. Ndinawamva akung'ung'udza pawindo paja kuti, "Kanyenyezi kabodza. Kuvutitsa anthu akuluakulu." Mwana ndiye anasanduka wotonthoza.

"Adadi, musadandaule, tipeza ina."

"Sindikudandaula ine. Ndikungoganiza za Lamlungu."

Pamenepo ndiye panali nkhani. Loweruka anayamba kudandaula msana. Lamlungu m'mawa anati mwina chimfine chikubwera. Ndinawasitira jekete n'kuliika pabedi, ndipo mwana anati awaperekeza kuti akawathandize kufotokoza. Anakana. Anati munthu amene anayatsa moto ndi amene amauzimitsa.

Mapemphero atatha, akulu ampingo anasonkhana pansi pa mtengo wa mthethe umene uli kuseri kwa tchalitchi, monga amachitira nthawi zonse. Ine ndi mwana tinaima chapafupi, tikunamizira kucheza ndi amayi ena. Mkulu wina wamtali, amene anali mphunzitsi wamkulu kale, ndiye anayambitsa.

"Tsono achimwene, maliro a nyenyezi ija afika pati?"

Abambo anakonza kaye kukhosi, n'kuika manja kumbuyo.

"Abale, titaunikanso mozama, ine ndi anzanga, mothandizana ndi anzathu akunja, tapeza kuti nkhaniyi ndi yozama kuposa mmene tinkaganizira. Nyenyezi ija sinadyedwe."

"Yapulumuka?" anafunsa wina.

"Tinene kuti sinali pangozi n'komwe. Koma tagwira ina. Yaing'ono, yofiira, yaukali koopsa. Imapsa mtima popanda woiputa, n'kuwaza moto, kenako n'kukhala phee ngati si iyo. Ndiponso siikhala malo amodzi. Ndipo abale, imeneyi ili pafupi ndi ife."

Mwana wanga anandifinya mkono mpaka kupweteka.

"Pafupi bwanji?" anafunsa mkulu wamtali uja, akuyang'ana kumwamba.

Apa abambo anazindikira kuti akuyatsa moto wina woyamba usanazime. Anacheuka kufunafuna anzawo apantchito, ndipo mwana anapita msanga, n'kugwada pang'ono mwaulemu. Anawatsimikizira akuluakuluwo kuti akatswiri a zakuthambo akati pafupi amatanthauza kutali kosaneneka, kuti ngakhale zidzukulu za zidzukulu zawo zitakwera chombo lero sizingakafikeko, ndipo palibe choopa. Anamufunsa mafunso ambiri, ena anzeru ndithu, ndipo anayankha onse. Abambo ake anaima pambali akugwedeza mutu pa yankho lililonse ngati mphunzitsi amene wophunzira wake akukhoza mayeso.

Pomaliza mkulu wina wokalamba kwambiri, amene anali atatsamira ndodo, anati, "Ndiye kuti palibe wafa?"

"Palibe, agogo."

"Tiyamike Mulungu. Sabata ino tamva za maliro okwanira."

Onse anavomera kuti ameni, ndipo anabalalika.

Tinabwerera wapansi, poti tchalitchi sichili kutali ndi kwathu. Mwana anatsogola akuyankha foni. Ine ndi abambo tinkabwera pambuyo pang'onopang'ono, tikulambalala maenje a mumsewu. Msana uja unali utapola, chimfine sichinabwerenso. Tili m'njira choncho, abambo anandiyandikira n'kutsitsa mawu kuti mwana asamve.

"Komabe amayi, ikanadyedwa ndithu, zikanakoma."

"Abambo, mwangotuluka m'tchalitchi kumene, jekete musanavule n'komwe, mwayamba kufunira mnzanu tsoka?"

"Si mnzanga," anatero. "Sitidziwana n'komwe."